Kadimba ka Kuseri kwa Komboni

Zaka zingapo zapitazo ndinapatsidwa kabuku ka alangizi a zaulimi kuti ndikamasulire m'Chichewa. Ntchito inayenda bwino mpaka pa tsamba lachitatu, pomwe ndinakumana ndi mawu akuti organic farming. Ndinalemba kuti "ulimi wachilengedwe", kenaka ndinafufuta, poti palibe munda umene unadzilenga wokha. Ndinayesa "ulimi wa manyowa", koma ndinakumbukira kuti liwu loti manyowa tinachita kubwereka ku Chingerezi, monga tinabwerekeranso fetereza. Mawu awiri amene lero timawaimika ngati adani anafika kwathu pa njira imodzi, m'kamwa mwa mlangizi. Agogo anga aakazi ankakonda mawu ena. Iwo ankati kuojeka, kuthira ndowe, kumwaza phulusa. Ndipo malo amene anachita zimenezi kwa zaka zambiri za moyo wawo si kwathu ku Mulanje, koma ku Chipinge, kum'mawa kwa Zimbabwe, pa kachigawo ka nthaka komwe sikanali kawo.

Agogo aamuna anachoka ku Mulanje m'zaka za m'ma 1950. Anapita kudzera kwa Mthandizi, dzina limene anthu ankatchulira bungwe lolemba antchito a m'minda ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Tiyi sanali wachilendo kwa iwo. Ku Mulanje anayamba kulimidwa ngati mbewu yogulitsa mu 1891, ndipo agogo anakulira pansi pa thangata, kugwira ntchito pa esiteti ngati lendi ya malo amene makolo awo anamangapo nyumba. Choncho atawoloka Zambezi n'kufika ku Chipinge, anapeza phiri lina, nkhungu yofanana, ndi ntchito yomweyo. Eni dziko ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri mwa iwo Blantyre anangomudutsa pa lole.

Tiyi wa ku Zimbabwe ndi wamng'ono kwa wa kwathu ndi zaka zoposa makumi atatu. Anayamba mu 1924 pa famu ya New Year's Gift m'boma la Chipinge, pomwe Arthur Ward ndi Grafton Phillips, omwe anali atalimapo tiyi ku Assam, anabzala mbewu zochokera ku India n'kumazithirira ndi madzi a mtsinje wa Tanganda. Dzina la mtsinjewo ndilo linasanduka dzina la kampani ndi la paketi imene aliyense wa ku Zimbabwe amaidziwa. Patapita zaka minda inafalikira ku Ratelshoek, Jersey, Zona ndi kwina. Ubale ndi Malawi sunathere pa antchito okha. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe likulu lake lili ku Mimosa ku Mulanje, linkatumikira alimi a maiko onse awiri, ndipo mitundu ya tiyi yosankhidwa ku Mulanje inabzalidwanso m'mapiri a Manicaland. Mtengo unkachokera ku Mulanje, dzanja louthyola linkachokeranso ku Mulanje.

Amene sanaonepo munda wa tiyi amaganiza kuti ndi chinthu chofatsa, poti pa chithunzi umaoneka ngati kapeti wobiriwira. Zoona zake n'zakuti ndi fakitale yopanda denga. Mtengo wa tiyi ukasiyidwa umatalika kuposa nyumba, koma pa esiteti amaudulira kuti uzilekeza m'chiuno mwa munthu. Nthawi ya mvula amauthyola masiku angapo alionse, masamba awiri ndi kansonga, ndipo tsamba liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo lisanayambe kupsa m'dengu. Chomwe chimakololedwa ndi tsamba, kotero mbewuyi imadya nayitirojeni wambiri, ndipo chaka ndi chaka amabwera m'matumba. Moto wowumitsira tiyi umafuna nkhuni, ndiye pambali pa munda pamakhala nkhalango ya bulugamu. Mbewu imodzi, phiri lonse. Sindinena kuti zonsezi n'zoipa. Tiyi wokhwima amaphimba nthaka bwino kuposa chimanga, mizu yake imagwira dothi la pamtsetse, ndipo nthambi zodulira zimasiyidwa pansi kuti ziwolerane. Koma munthu sadya tiyi.

Apa ndi pomwe kadimba kamalowera m'nkhaniyi. Phoso la pa esiteti linali ufa, nyemba ndi mchere, ndipo agogo aakazi atawatsatira amuna awo anaona msanga kuti ana sangakule ndi zimenezo zokha. Kuseri kwa komboni, pakati pa zimbudzi ndi kamtsinje, kunali kamalo kotsetsereka komwe tiyi sakanabzalidwa. Amayi a ku Nyasaland ndi a ku Mozambique anagawana kamaloko. Agogo ankafotokoza kuti pa mapazi makumi awiri okha ankabzalapo chimanga, nandolo, maungu, khobwe, therere ndi mbatata m'mphepete. Nandolo anachita kubwera naye kuchokera kwathu, atamanga pa nsonga ya chitenje. Udzu wopalira ankaukwirira m'mizere, phulusa la kumoto linkapita pa maungu, zitosi za nkhuku pa mpiru. Fetereza analipo wambirimbiri m'nyumba yosungiramo katundu ya esiteti, mtunda wosakwana kuitana munthu, koma wogwidwa ndi kachitini kamodzi ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Masiku ano akatswiri amatiuza kuti mizu ya nandolo imabwezera nayitirojeni m'nthaka ndipo masamba ake akayoyoka amasanduka chonde. Agogo ankangoti, "Pomwe padutsa nandolo, chimanga chimaseka."

Chimene chimandisautsa m'mbiriyi n'chakuti m'boma lomwelo la Chipinge ndi momwe munayambira chiphunzitso cha boma cha ulimi wa manyowa. Mu 1919 mmishonale wa ku America, Emory Alvord, anafika pa mishoni ya Mount Selinda, m'mphepete mwa nkhalango ya Chirinda, kumene kuli m'bawa wotchuka uja wamkulu. Alvord anali katswiri wa zaulimi, ndipo ankaphunzitsa ana a sukulu kuthira ndowe za m'khola ndi kusinthasintha mbewu. Mu 1926 boma linamulemba ntchito yoyang'anira maphunziro a ulimi kwa anthu akuda m'dziko lonse. Iye ndiye anakhazikitsa alangizi oyenda m'midzi okhala ndi minda yachitsanzo, ndipo m'nthawi yake munabadwa ulemu wa Master Farmer. Mukawerenga malangizo ake mwapatalipatali, mungaganize kuti mukuwerenga kabuku kanga kaja: ndowe, mbewu zamtundu wa nyemba, kasinthasintha, migula yoteteza nthaka.

Koma tayang'anani chimene chinachitika zaka zinayi pambuyo pake. Mu 1930 lamulo la Land Apportionment Act linapatula pafupifupi theka la dzikolo kukhala la azungu, kuphatikizapo malo ambiri amvula a kum'mawa. Chiphunzitso cha Alvord chinathandiza boma kunena kuti munthu wakuda safunika malo ambiri, bola azilima mwanzeru. Manyowa anasanduka yankho kwa munthu wodandaula kuti walandidwa munda. Alangizi ankanyozanso kasakaniza wa mbewu ngati ulimi wachikale, n'kumalamula kuzula zitsa, kulima ndi pulawo ndi kubzala mbewu imodzi m'mizere. Lamulo la Native Land Husbandry Act la 1951 linawonjezera chikakamizo: kuchepetsa ng'ombe, kukumba migula, kulipira chindapusa. Munthu akuuzidwa kuti athire ndowe ndi boma lomwe likumulanda ng'ombe. N'chifukwa chake m'madera ambiri kukana migula kunakhala mbali ya nkhondo ya ufulu, monganso kwathu anthu anakanira malimidwe m'zaka zomwezo. Ndikamamva anzanga a m'mabungwe akudabwa kuti bwanji okalamba ena amakwinya nkhope pakatchulidwa zoteteza nthaka, ndimalakalaka akanayamba awerenga mbiri.

Ku Honde Valley, kumpoto kwa Mutare, tiyi anafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1950, pa minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands, ndipo pambuyo pake boma linatsegula Katiyo pafupi ndi malire a Mozambique. Chigwachi n'chotentha, chamvula yambiri, mitsinje ikutsika m'mapiri a Nyanga kukathira mu Pungwe. Nkhondo inachigunda kolimba. Mu Disembala 1976 antchito 27 a pa esiteti ya tiyi anaphedwa usiku umodzi pamaso pa mabanja awo, ndipo anthu a m'midzi anasonkhanitsidwa m'mipanda yotchedwa makipi, kutali ndi minda yawo. Agogo anali atabwerera kale ku Malawi, koma mwana wawo woyamba, azakhali anga, anatsala. Anakwatiwa ndi munthu wa ku Honde komweko.

Ndinawayendera azakhaliwo mu 2018. Amakhala mtunda pang'ono kuchokera pa Hauna, ndipo Chichewa chawo n'cha 1960 chothiridwa Chimanyika, moti tsiku loyamba ndinkangolemba mawu m'kope. Kumtunda kwa munda wawo kunali mizere ya tiyi yosiyidwa, itatalika kuposa ine. Amuna awo ankalima tiyi wogulitsa ku fakitale ina, koma mtengo unkanenedwa ndi wogula, malipiro ankachedwa, ndipo ndalama zitatha mphamvu mu 2008 anangosiya. Kumunsi kunali nthochi, ndipo pansi pa nthochi panali chilichonse: madhumbe, amene ife timati koko, tsabola, mbatata, mapeyala, nzimbe. Madzi amabwera okha m'paipi yakuda kuchokera kukasupe wa kuphiri. Makungwa a nthochi ndi masamba ake amagonekedwa pansi, mbuzi zimadya zotsala, ndowe zimabwerera ku nthochi.

Ndinawafunsa ngati ulimi wawo ndi umene m'mabuku amati organic.

"Mwana wa achimwene, zimenezo n'za anthu okhala ndi pepala," anatero. "Nthochi zopita ku Harare ndimathira feteleza ndikapeza ndalama, chifukwa ogula amafuna mkoko waukulu. Zodya ife ndimathira mupfudze."

Yankholi linandichotsa ulesi wina wa m'maganizo. Ndinapita kumeneko nditanyamula nthano ya mbali ziwiri, esiteti yoipa ndi mlimi woyera mtima, koma azakhali analibe nthawi ya nthanoyo. Kuti mbewu itchedwe organic pa msika wa kunja pamafunika woyendera, kaundula ndi ndalama zolipira chaka chilichonse, ndipo amene angakwanitse zimenezo mosavuta ndi kampani yaikulu, osati mayi wa nthochi. Makampani a tiyi nawonso asintha. Tanganda tsopano imalima makadamiya, mapeyala ndi khofi, ndipo m'minda yambiri makina othyolera alowa m'malo mwa manja. Mbewu zachuluka mayina, koma zonse zimayang'ana ku doko.

Chitsanzo chimene chimandikhutiritsa kwambiri chili pakati pa malo awiriwa, ku Chikukwa m'boma la Chimanimani. Kumeneko akasupe anayamba kuuma, mapiri atametedwa mitengo, ndipo mu 1991 anthu a m'midzimo anayamba kugwirira limodzi ntchito, mothandizidwa ndi maphunziro a ku Fambidzanai pafupi ndi Harare. Anakumba ngalande zogwira madzi, anabzala udzu wa vetiva m'migula, anatchinga akasupe kuti ng'ombe zisapondeponde, anabzala mitengo ya zipatso ndi ya nkhuni. Pambuyo pake anakhazikitsa bungwe lawo la CELUCT. Migula yake siyosiyana kwenikweni ndi ya m'nthawi ya Alvord. Kusiyana n'kwakuti ku Chikukwa palibe anabwera ndi chindapusa, ndipo wokumba ankadziwa kuti adzadya yekha zipatso za mtengo umene akubzala. Izi sizikutanthauza kuti ngalande ingaletse phiri kugumuka. Namondwe wa Idai atafika usiku wa pa 15 Malichi 2019, anapha anthu mazana ku Chimanimani ndi Chipinge, osasankha munda wa manyowa kapena wa fetereza, ndipo ife a ku Mulanje tinaona zomwezo ndi Freddy mu 2023.

Manyowa amafuna nthawi. Thumba la fetereza limabweza chaka chomwecho, koma nthaka yodyetsedwa ndowe ndi nandolo imayamba kuyankha bwino pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mtengo wa msangu umafuna zoposa pamenepo. Wongokhala pa malo mwa chifundo cha bwana sangawerengere zaka zotero. Minda ya azungu itayamba kulandidwa mu 2000, ana ndi adzukulu a Mabhurandaya ambiri sanapatsidwe malo, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ochuluka opanda dziko: ku Zimbabwe alendo, ku Malawi osadziwika. Malamulo aakulu a 2013 anakonzako zina, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka za Zimbabwe, pamodzi ndi Chindau cha ku Chipinge. Monga womasulira ndinasangalala. Koma azakhali ali ndi munda chifukwa cha ukwati, osati chifukwa cha zaka zimene makolo awo anathyola tiyi.

Kadimba ka agogo kanatha mwa njira imeneyi. Atakalima zaka khumi ndi ziwiri, dothi lofiira lija litada n'kufewa, kapitawo anabwera m'mawa wina kudzanena kuti malowo akufunika pa nazale ya mbande za tiyi, poti nthaka yake yaoneka yabwino. Anawapatsa sabata imodzi. Agogo anazula maungu osakhwima, anathyola nandolo wouma yense, n'kumanganso pa nsonga ya chitenje. Theka anapita nalo ku Mulanje. Theka linalo anasiyira mwana wawo, ndipo mbewu yake ndi imene ndinaiona itaima m'malire a munda wa ku Honde, azakhali akuitchulabe kuti nandolo, ngakhale aneba awo onse amati nyandoro.