DRM pa mabuku a pakompyuta

DRM, chidule cha mawu achingelezi akuti Digital Rights Management, ndi njira yotsekera mabuku, nyimbo, mafilimu ndi magemu a pakompyuta kuti asakopedwe kapena kugawidwa popanda chilolezo cha eni ake. Pa mabuku a pakompyuta, omwe amatchedwanso ma e-book, nkhaniyi ili ndi mkangano waukulu chifukwa wolipira buku lotsekedwa kawirikawiri sakhala mwini wake. Amangopatsidwa chilolezo choliwerenga.

Mmene imagwirira ntchito

Mawu a m'buku amabisidwa mu fayilo moti sawerengeka popanda kiyi yachinsinsi. Kiyiyo imalumikizidwa ku akaunti ya wogula ndi ku zipangizo zake, monga foni kapena kompyuta. Wogulitsa ndiye amaika malire a zipangizo zimene zingatsegule bukulo, komanso ngati ndi kololedwa kulisindikiza papepala kapena kukopa ndime zake. Amazon ili ndi njira yakeyake pa Kindle, Apple imagwiritsa ntchito FairPlay, ndipo masitolo ena ambiri amadalira njira ya Adobe. Choncho buku logulidwa ku sitolo ina nthawi zambiri silitseguka pa chipangizo cha kampani ina.

Malamulo

Pangano la WIPO Copyright Treaty la 1996 linapempha mayiko kuti aletse kuthyola maloko otere. Dziko la United States linakhazikitsa lamulo la Digital Millennium Copyright Act mu 1998, ndipo European Union inatsatira mu 2001. Lamulo la ku America limateteza loko yeniyeniyo: kuichotsa kungakhale mlandu ngakhale munthu analipira bukulo ndipo sakufuna kugawira wina aliyense.

Mu July 2001, katswiri wa makompyuta wa ku Russia, Dmitry Sklyarov, anamangidwa ku Las Vegas chifukwa cha pulogalamu yochotsa loko pa mabuku a Adobe. Kampani imene ankagwirako ntchito, ElcomSoft, inapezeka yosalakwa mu December 2002.

Malamulowa ali ndi mipata ina. Ku United States, Library of Congress imaunika zaka zitatu zilizonse kuti ndi anthu ati amene angaloledwe kuchotsa loko, ndipo kuyambira 2003 anthu osaona akhala pakati pa ololedwawo. Pangano la Marrakesh la 2013 likulamula mayiko kuonetsetsa kuti maloko asatsekereze osaona kupeza mabuku m'njira imene angawerenge. Malawi inalowa m'panganoli mu 2017.

Umwini wa buku

Amene wagula buku la pepala angathe kulibwereketsa, kuligulitsa kapena kulisiyira ana ake. Ku United States ufulu wogulitsanso buku unatsimikizidwa ndi Khoti Lalikulu mu 1908. Pa buku la pakompyuta zinthu n'zosiyana. Mu December 2019, khoti la European Union linagamula pa mlandu wa Tom Kabinet kuti kugulitsanso ma e-book amene ena anawerenga kale kumafuna chilolezo cha eni ake.

Mphamvu ya wogulitsa inaonekera poyera mu July 2009, pamene Amazon inafufuta mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, pa ma Kindle a anthu amene anali atawagula kale. Amene anaika mabukuwo pamsika analibe chilolezo. Ogula anabwezeredwa ndalama, ndipo Jeff Bezos anapepesa. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku onse ogulidwa kumeneko anasiya kutseguka, ndipo ogula analandiranso ndalama zawo. Mu 2024 boma la California linakhazikitsa lamulo lokakamiza ogulitsa kuuza anthu momveka kuti akulipirira chilolezo chabe.

Malaibulale nawonso amakhudzidwa. Mu 2011 kampani ya HarperCollins inalengeza kuti laibulale ingabwereketse e-book yake ka 26 kokha, kenako iyenera kulipiranso.

Mkangano

Ogwirizana ndi DRM amati fayilo yosatsekedwa ingakopedwe kambirimbiri popanda mtengo, ndipo wolemba sangadye thukuta lake. Amanenanso kuti popanda loko, malaibulale sakanatha kubwereketsa ma e-book kwa masiku owerengeka.

Otsutsa amati loko imavutitsa wogula woona mtima, pomwe okopa mabuku mwakuba amaithyola mosavuta. Amadandaulanso kuti imamangirira wowerenga ku kampani imodzi, ndiponso kuti mabuku angathe kusoweratu kampaniyo ikatseka. Ena mwa iwo amaona kuti kuchotsa loko pa buku limene munthu analipira, n'cholinga chongolisunga, si kulakwa ngakhale lamulo likuletsa.

Njira zina

Si osindikiza onse amene amatseka mabuku awo. Tor Books inasiya kugwiritsa ntchito DRM mu 2012. Ena amangoika mu fayilo chizindikiro cha wogula, kuti buku likafalitsidwa mwakuba adziwe kumene linachokera. Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, imapereka kwaulere ndiponso popanda loko mabuku akale amene nthawi yawo yotetezedwa ndi lamulo inatha.