Chiyambi cha Chilengedwe: Kuchokera ku Kaphirintiwa Kufika ku Big Bang

Ana athu ambiri a ku Mtakataka, Golomoti ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja amamva nkhani zitatu za chiyambi cha dziko. Kwa agogo amamva za Kaphirintiwa, kusukulu amaphunzira za Big Bang, ndipo kumadrasa amauzidwa kuti Allah ndiye Mlengi wa thambo ndi nthaka. Mwana akafunsa kuti zoona ndi ziti, kumukalipira sikuthandiza, ndipo kumuuza kuti asamamvere aphunzitsi kumangomulepheretsa mayeso. Pano tasonkhanitsa zimene anthu akhala akunena pa funsoli kuti makolo tikhale ndi poyambira.

Zimene makolo akale ankasimba

Ku Mua Mishoni, yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, kuli malo a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komanso nyumba ya Chamare yosungiramo miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Aliyense amene anafikako amaona kuti makolo a dziko lino ankaganiza mozama za moyo, imfa ndi kumene munthu anachokera.

Achewa ankati poyamba dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kunagwa chimvula, ndipo mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, limodzi ndi Chauta ndi nyama zonse. Anafikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe likadali lofewa, moti mapazi awo anadindika pamenepo. Mtendere unatha munthu atapekesa timitengo n'kutulutsa moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Pakati pa Ayao, mmishonale Duff Macdonald analemba m'buku lake la mu 1882 nthano yoti bilimankhwe anapeza anthu awiri oyamba atakodwa m'mono wake. Kutali ndi kuno, Aiguputo ankati zonse zinatuluka m'madzi akuya otchedwa Nun, pamene Ababulo ankati mulungu wawo Marduk anang'amba pakati chilombo Tiamat n'kupanga thambo ndi dziko. Ife Asilamu sititenga nthanozi ngati chikhulupiriro, koma zimatisonyeza kuti mtundu uliwonse unkafunafuna amene anayambitsa zonse.

Mtsutso wa Agiriki ndi akatswiri a Chisilamu

Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti chilengedwe chilibe chiyambi, chakhalapo mpaka kalekale. Cha m'ma 150, Ptolemy wa ku Alexandria analemba buku loika dziko lapansi pakati, dzuwa ndi nyenyezi n'kumalizungulira. Bukuli limadziwika kuti Almagest, dzina lochokera ku Chiarabu, chifukwa Asilamu analimasulira ndi kuliphunzira kwa zaka mazana ambiri.

Sanangolandira zonse. Al-Kindi wa ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, ananena kuti nthawi yam'mbuyo ikanakhala yopanda malire sitikanafika tsiku la lero, choncho chilengedwe chili ndi chiyambi. Ibn Sina, yemwe anamwalira mu 1037, ankati chilengedwe chimadalira Allah koma chilibe tsiku limene chinayamba. Imam al-Ghazali (1058–1111) anatsutsa zimenezi m'buku la Tahafut al-Falasifa, n'kunena kuti nthawi nayonso inalengedwa limodzi ndi dziko. Ibn Rushd wa ku Cordoba (1126–1198) anamuyankha ndi buku lake. Mtsutsowu ndi wakale pakati pathu, ndipo unkachitika ndi cholembera.

Ena ankayang'ana kumwamba. Cha m'ma 964, Abd al-Rahman al-Sufi analemba za kamtambo kakang'ono kooneka pakati pa nyenyezi. Sankadziwa kuti kamtamboko ndi mlalang'amba wina, womwe lero timautcha Andromeda.

Mmene sayansi inafikira pa Big Bang

Mu 1543 buku la Copernicus linaika dzuwa pakati, ndipo mu 1610 Galileo anaona miyezi yozungulira Jupiter kudzera m'galasi loonera kutali. Mu 1915 Albert Einstein anafotokoza mwatsopano mphamvu yokoka zinthu. Pogwiritsa ntchito masamu akewo, Alexander Friedmann mu 1922 ndi Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, mu 1927, anapeza kuti chilengedwe chikhoza kukhala chikufutukuka. Edwin Hubble, yemwe anali atatsimikiza kale kuti kamtambo ka al-Sufi kali kunja kwa mlalang'amba wathu, anasonyeza mu 1929 kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri umatalikiranso mofulumira kwambiri.

Taganizirani ukonde umene asodzi akuutambasula pamchenga. Mfundo iliyonse imatalikirana ndi inzake ngakhale palibe mfundo imene ikuyenda yokha. Ndi mmenenso danga la pakati pa milalang'amba likukulira. Tikabwerera m'mbuyo, ndiye kuti zonse zinali zothithikana ndi zotentha koopsa. Akatswiri amawerengera kuti kufutukukaku kunayamba zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo, pamene dziko lathu lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Dzina loti Big Bang linachokera kwa Fred Hoyle pa wailesi ya BBC mu 1949, ndipo iyeyo ankatsutsa ganizoli.

Umboni waukulu ulipo utatu. Woyamba ndi kuwala kochokera ku milalang'amba yakutali, komwe kumafika kutafiirirako, monga mmene kulira kwa njinga yamoto kumatsikira ikangotidutsa pamsewu wa M5. Wachiwiri ndi kafungo ka kutentha kotsalira kumene Arno Penzias ndi Robert Wilson analengeza mu 1965, kochokera mbali zonse za thambo. Kali ngati phulusa lofunda limene limatiuza m'mawa kuti pamafuwa panali moto. Kuwala kumeneku kunayamba ulendo wake chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 380,000. Wachitatu ndi kuchuluka kwa mipweya iwiri yopepuka: pafupifupi magawo atatu mwa anayi a zinthu wamba m'chilengedwe ndi hydrogen, ndipo gawo lotsalalo pafupifupi lonse ndi helium, monga momwe masamu a Big Bang ananenera.

Sayansi ili ndi malire ake ndipo akatswiri amavomereza. Mu 1998 anapeza kuti kufutukukako kukuwonjezera liwiro, koma chimene chikuchititsa sanachimvetse. Zinthu zimene timazidziwa, monga miyala, madzi ndi nyenyezi, ndi pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a zonse zimene zilipo. Masamu awo amafotokoza mmene zinthu zinasinthira kuchokera pa kutentha kuja, koma safika ponena chifukwa chake pali chinthu m'malo mopanda kanthu.

Zimene Qur'an ikutiphunzitsa

Chikhulupiriro chathu n'chakuti Allah analenga zonse mwa chifuniro chake, ndipo Iye alibe chiyambi. Surah Al-A'raf 7:54 imatchula masiku asanu ndi limodzi a kulenga, ndipo Surah Al-Hajj 22:47 imatikumbutsa kuti tsiku kwa Allah silifanana ndi tsiku lathu. Ambiri masiku ano amawerenga Surah Al-Anbiya 21:30 ndi Surah Adh-Dhariyat 51:47 n'kuona kuti zikugwirizana ndi kufutukuka kwa chilengedwe.

Apa tisamale. Imam at-Tabari analemba matanthauzo angapo a 21:30, kuphatikizapo lakuti thambo linatsegulidwa ndi mvula, nthaka ndi zomera. Sayansi imasintha ikapeza umboni watsopano, ndipo mwana amene tamumangirira imani yake pa ganizo limodzi la sayansi adzagwedezeka ganizolo likadzasintha. Ngakhale Lemaître sanasangalale pamene Papa Pius XII, mu 1951, analankhula ngati Big Bang ikutsimikizira kulenga.

Choti tiuze ana

Pamayeso alembe Big Bang ndi umboni wake molondola, popeza kutero si kukana Allah. Nthano ya Kaphirintiwa aidziwe ngati mbiri ya anthu amene timakhala nawo, osanyoza. Funso loti ndani analenga, ndipo chifukwa chiyani, yankho lake alipeze mu Qur'an ndi kwa mashehe athu. Surah Aal Imran 3:190–191 imayamikira anthu amene amalingalira za kulengedwa kwa thambo ndi nthaka.

M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, tulukani nawo panja muyang'ane chakumpoto. Kamtambo ka al-Sufi kamaoneka ndi maso, ndipo kuwala kwake kwayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kufike kunyanja kuno. Allah ndiye Wodziwa koposa.