Mawu a Sing'anga wa ku Taif

Mwezi wa Ramadhan ukayandikira, pa WhatsApp pamayenda mawu onena kuti mimba ndiyo nyumba ya matenda, ndipo kudziletsa pa chakudya ndiye mankhwala aakulu. Pansi pake amalembapo kuti ndi Hadith. Koma tikawalondola kumene adachokera, sakutifikitsa kwa Mtumiki (SAW). Akutifikitsa ku Taif, kwa al-Harith ibn Kalada wa fuko la Thaqif, sing'anga wotchuka wa Aarabu yemwe adakhala m'nthawi ya Mtumiki yomweyo.

Chisokonezochi sichidabwere ndi mafoni. Ibn al-Qayyim, yemwe adamwalira mu 1350, adachikonza kale m'buku la Zad al-Ma'ad, pomwe adawabwezera mawuwa kwa al-Harith. Al-Sakhawi, yemwe adamwalira mu 1497, nayenso adakana kuti ndi a Mtumiki m'buku la al-Maqasid al-Hasana, lomwe adalilemba pofufuza mawu ofala pakamwa pa anthu.

Nanga adasintha mwini bwanji? Tikuganiza kuti n'kufanana. Pali Hadith imene adailandira al-Tirmidhi kuchokera kwa al-Miqdam ibn Ma'di Karib, yolangiza kugawa mimba patatu: chakudya, chakumwa ndi mpweya. Munthu woidziwa Hadith imeneyi akamva mawu a sing'angayo sadabwa nawo.

Ophunzira ena amati palibe vuto, poti tanthauzo lake ndi labwino. Malangizowo ngabwinodi, ndipo tiwaphunzitse m'madrasa, koma ndi dzina la al-Harith. Chenjezo la Moto kwa womunamizira Mtumiki mwadala, limene lili mwa al-Bukhari ndi Muslim, silidapatule mawu okoma.