Ethiopia mu 1935: Kiyi Womvetsera Ubale wa Mayiko

Aphunzitsi anzanga a History, komanso inu ana anga akale amene tsopano muli m'makoleji ndi m'maofesi:

Tikafika pa mutu wa League of Nations, ambirife timawalembera ana mndandanda wa zifukwa zimene bungweli linagwera: linalibe asilikali, America sinalowe, chigamulo chinkafuna kuti mamembala onse avomereze. Ana amaloweza, nkukhoza mayeso, nkuiwala. Kenako amene apita ku yunivesite akakumana ndi mawu oti realism ndi liberalism amaona ngati ndi zachilendo zochokera kumwamba. Ine ndikuti si zachilendo ayi. Mwana amene wamvetsa bwino zimene zinachitikira Ethiopia mu 1935 ndi 1936 ndiye kuti maganizo awiriwa wawagwira kale, kungoti sanamve maina ake.

Tiyambe ndi kumene phunziroli linachokera. Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itatha mu 1918, anthu ophunzira anafunsa kuti: kodi titani kuti zoterezi zisachitikenso? Mu 1919 ku yunivesite ya Aberystwyth ku Wales anakhazikitsa mpando wa pulofesa wa ndale za pakati pa mayiko, nkuutcha dzina la Woodrow Wilson, mtsogoleri wa America amene analimbikitsa kuti League ikhalepo. Ganizo la Wilson ndi anzake ndi limene lero timati liberalism. Iwo ankati nkhondo imabwera chifukwa cha mapangano a mseri ndi kusowa kwa bwalo lokambirana. Mayiko atakhala ndi malamulo ndi bungwe, wamphamvu angaope kuukira wofooka. Ndime 16 ya pangano la League inkati amene wayamba nkhondo mophwanya panganolo wayambana ndi mamembala onse. Kwathu kuno timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mutu wake unali womwewo.

Ethiopia inalowa m'bungweli mu 1923. Linali dziko lodzilamulira, limene linagonjetsa asilikali a Italy pa nkhondo ya ku Adwa mu 1896, ndipo Mussolini ankafuna kufafaniza manyazi amenewo. Mu December 1934 asilikali a mayiko awiriwa anawomberana pa zitsime za ku Walwal. Mfumu Haile Selassie anakadandaula ku Geneva monga mwa lamulo. Nkhaniyo inakokedwa miyezi yambiri, uku Italy ikutumiza asilikali ndi zida ku Eritrea ndi ku Somaliland kudzera pa ngalande ya Suez. Pa 3 October 1935 Italy inalowa mu Ethiopia.

Apa onetsetsani bwino. League siinangokhala chete ayi. Inanena poyera kuti wolakwa ndi Italy, ndipo mu November inayamba chilango cha zamalonda. Koma pa katundu woletsedwayo mafuta panalibe, chonsecho ndege ndi magalimoto a nkhondo amayendera mafutawo. Ngalande ya Suez, imene Britain inali ndi mphamvu zoitseka, inakhalabe yotsegula. Mu December nduna yoona za kunja ya Britain, Samuel Hoare, ndi mtsogoleri wa boma la France, Pierre Laval, anagwirizana mwamseri zopereka gawo lalikulu la Ethiopia kwa Mussolini. Nkhaniyo itaululika m'nyuzipepala anthu anakwiya, ndipo Hoare anatula pansi udindo. Italy inapitiriza nkhondo, inagwiritsa ntchito ngakhale mpweya wa poizoni, ndipo pa 5 May 1936 inalanda Addis Ababa. Pa 30 June Haile Selassie anaima pamaso pa msonkhano wa League ku Geneva nkuwachenjeza nthumwi za mayiko ang'onoang'ono kuti zimene zamugwerazo zidzawafika nawonso. Mu July chilango chija chinachotsedwa.

Nanga Britain ndi France anachitiranji zimenezi? Yankho lake ndi limene timati realism. Maso awo anali pa Hitler, osati pa Ethiopia. Mu April 1935 anali atakumana ndi Mussolini ku Stresa nkugwirizana zotsutsa Germany imene inkadzikonzekeretsanso zida. Ankaopa kuti akamufinya kwambiri Mussolini athawira kwa Hitler. A realism amati pamwamba pa mayiko palibe boma, palibe polisi woti nkumuitana. Choncho dziko lililonse limayamba laganiza za chitetezo chake, ndipo pangano limalemekezedwa pokhapokha ngati silikusokoneza chitetezocho. Amene analemba zimenezi mwamphamvu ndi E. H. Carr m'buku lake la The Twenty Years' Crisis la mu 1939. Chodabwitsa nchakuti Carr ankakhala pa mpando womwe uja wa dzina la Wilson ku Aberystwyth! Mu 1948 Hans Morgenthau anawonjezera ndi buku la Politics Among Nations.

Ndiye kodi tiwauze ana kuti realism inapambana, nkhani yatha? Ine ndikukana, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, masamu a Britain ndi France sanatuluke. Ethiopia anaitaya, ndipo Mussolini anamutayanso. Mu March 1936, nkhondo ya ku Ethiopia ili mkati, Hitler analowetsa asilikali ku Rhineland popanda womuletsa. Chaka chisanathe Rome ndi Berlin anali pa ubwenzi, ndipo mu 1937 Italy inatuluka mu League. Mapeto ake Britain inamenyanabe ndi Italy, ndipo pa asilikali amene anamenya nkhondoyo ku East Africa mu 1940 ndi 1941 panali agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Ngongole imene anaizemba ku Geneva anailipira ndi anyamata a m'midzi yathu.

Chachiwiri, taonani zimene anachita wolakwiridwayo. Haile Selassie anabwerera ku Addis Ababa pa 5 May 1941. Munthu amene bungwe linamugwiritsa fuwa la moto tikanayembekezera kuti mabungwe awataya. Koma Ethiopia inali m'gulu la mayiko oyambitsa United Nations mu 1945, ndipo pa 25 May 1963 mfumu yomweyo inalandira atsogoleri a Africa amene anakhazikitsa OAU. Iye anadziwa kuti dziko lopanda zombo ndi ndege zambiri chida chake chachikulu ndi lamulo. United Nations nayo inamangidwa ndi maganizo onse awiri: dziko lililonse lili ndi voti imodzi mu General Assembly, koma mayiko asanu amphamvu ali ndi veto mu Security Council, kuti bungweli lisalonjeze zimene akuluakuluwo sangachite.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi ili. Mndandanda uja apatseni ndithu, poti mayeso amaufuna. Koma patulani piriyodi imodzi, mugawe kalasi pawiri. Gulu lina likhale alangizi a Hoare mu December 1935, lina likhale nthumwi za Ethiopia. Aliyense afotokoze chimene akuopa, chimene ali nacho m'manja, ndi chimene angataye. Mudzaona kuti mtsutso umene ubuke m'kalasimo ndi womwewo umene mapulofesa akhala akuchita kuyambira 1919.

Ndipo inu ana anga, musamaone ngati izi ndi za azungu okha. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo katundu wathu amadutsa m'madoko a eni. Mukamamva kuti mayiko asainirana pangano, muzifunsa mafunso onse awiri: kodi lamulo likuti chiyani, nanga amene ali ndi mphamvu akuopa chiyani?