GABA-A: kachitseko ka mu ubongo komwe kamaletsa khunyu

Mwana wodwala malungo aakulu akafika akuphupha pachipatala cha St Gabriel's ku Namitete, kapena pachipatala china chilichonse m'dziko muno, mankhwala oyamba kuthamangira ndi diazepam. Kuphuphako kukapitirira, ena mwa mankhwala otsatira ndi phenobarbitone. Onse awiriwa amakagwira pamalo amodzi mu ubongo: kapuloteni kotchedwa GABA-A.

Maselo a ubongo amatumizirana uthenga kudzera mu timadzi tapadera. Tina timadzutsa selo, tina timaikhazika pansi. Mwa timadzi tokhazika pansito, todziwika kwambiri ndi GABA, yomwe Eugene Roberts ndi anzake adaipeza mu ubongo m'chaka cha 1950. GABA-A ndiye cholandirira chake. Imakhala pakhungu la selo, ndipo idapangidwa ndi zigawo zisanu zozungulira kabowo. GABA ikafika, kabowoko kamatseguka, mchere wa chloride n'kulowa, selo n'kudekha. Dongosololi likafooka, maselo ambirimbiri amayaka nthawi imodzi, munthu n'kugwa. Ngakhale kumidzi ena amati ndi kulodzedwa, khunyu gwero lake ndi lomweli, ndipo silipatsirana.

Diazepam amachititsa kuti kabowoko kazitseguka pafupipafupi, pomwe phenobarbitone amakachedwetsa kutseka. Dokotala wa ku Germany, Alfred Hauptmann, adazindikira mu 1912 kuti phenobarbitone amaletsa khunyu. Papita zaka zoposa 100, koma akadali mankhwala odalirika kuno chifukwa ndi otsika mtengo.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri chifukwa cha malungo. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe adasindikizidwa mu 2010, adapeza kuti mwa ana 132 omwe adachira malungo a mu ubongo, 12 adayamba kudwala khunyu pambuyo pake.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti ubongo umazolowera. Munthu akamwa phenobarbitone kwa miyezi, zolandirirazi zimasintha n'kuyamba kudalira mankhwalawo. Akangosiya mwadzidzidzi, kaya poganiza kuti wachira kapena posowa ndalama yoyendera kuchoka ku Nsaru kapena kwa Kabudula kukatenga ena, khunyu limatha kubwerera mwamphamvu, osalekeza, mpaka kupha. Mowa nawo umagwira pa GABA-A yomweyi. N'chifukwa chake chidakwa chosiya kachasu lero ndi lero chimanjenjemera, ndipo chimatha kugwa ngati wakhunyu pasanathe masiku awiri.