Mbiri ya Kalembedwe ka Ziwerengero za Nsomba ku Mangochi

Kuyambira kale asodzi a ku Mangochi akhala ndi miyeso yawoyawo, pakuti usipa ndi kambuzi amaziyeza m'ndowa kapena m'zigoba, pomwe chambo, poti ndi nsomba yaikulu ndiponso yodula, amachiwerenga chimodzichimodzi n'kuchigulitsa pa dazeni, ndiye kuti nsomba 12. Miyeso imeneyi inkakwanira pa malonda a pagombe, koma sinkatha kuuza boma kuchuluka kwa nsomba zophedwa m'nyanja yonse ya Malawi pachaka.

Boma la atsamunda linachititsa kafukufuku wa nsomba za m'nyanjayi mu 1939, ndipo pakati pa 1945 ndi 1947 Rosemary Lowe anafufuza mozama za chambo. M'zaka za m'ma 1970, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, nthambi ya zausodzi inayamba kutumiza alembi m'madoko osankhidwa kuti aziika pasikelo nsomba zochokera m'makoka, m'zilimira ndi m'matchera, kenaka n'kuyerekeza kulemera kwa nsomba za dera lonse. Ziwerengerozi zitayamba kusungidwa m'nkhokwe za pakompyuta, zimene ndi mapologalamu osanja uthenga m'mizere, makilogalamu a pachaka ankafika mamiliyoni, motero panafunika kalembedwe kachidule.

Kalembedwe ka asayansi kamaika nambala yaing'ono patsogolo, n'kusonyeza kuti nambalayo ichulukitsidwe ndi 10 kangati, kotero kuti makilogalamu 8,000,000 amalembedwa 8 × 10⁶. Kanambala kokwera m'mwambako kanafala ndi zolemba za René Descartes za mu 1637, koma popeza makompyuta oyambirira sankatha kukweza nambala pamwamba pa mzere, zinenero zawo, monga Fortran ya mu 1957, zinagwiritsa ntchito chilembo E, chimene chilipobe lero. N'chifukwa chake nambala yomweyo imaoneka ngati 8E+06 pamene danga la mumzere lachepa kapena pamene wosunga nkhokweyo wasankha kuti izioneka choncho, ngakhale kuti nambala yosungidwa mkatimo siisintha.

Kufunika komvetsa chidulechi kumaoneka bwino pa nyanja ya Malombe, imene inapereka matani a chambo oposa 8,000 mu 1982, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inkapereka matani osakwana 1,000. Pakompyuta, polemba m'makilogalamu, kugwa kotereku kumangooneka ngati E+06 wasanduka E+05, kusiyana kumene diso lothamanga lingakuphonye, chikhalirecho kutsika kamodzi kwa nambala yakumapetoyo, yakutsogolo ili chimodzimodzi, kumatanthauza kuti pa nsomba khumi zilizonse patsala imodzi yokha. Makomiti a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, amene anayamba ku Malombe mu 1993 pofuna kuti asodzi atenge mbali poteteza nsomba, amakambirana za nyengo yotseka nyanja ndi kukula kwa maso a maukonde, ndipo zokambirana zoterozo zimayenda bwino pokhapokha ziwerengero zochokera m'kompyuta zitamasuliridwanso m'ndowa ndi m'madazeni, miyeso imene msodzi angaivomereze kapena kuitsutsa.