Mbiri ya zisankho za phungu m'dera la Chirimba

Chirimba ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu ya mumzinda wa Blantyre. Mudziwu uli m'mbali mwa msewu wochoka pakati pa mzindawu kulowera ku Chileka ndi ku Lunzu, kufupi ndi phiri la Michiru, ndipo umadziwika ndi msika komanso mafakitale ake. Kwa zaka zoposa makumi awiri, anthu a ku Chirimba ankasankha phungu wawo wa ku Nyumba ya Malamulo pansi pa dera la Blantyre Kabula, kufikira pomwe malire a madera adasinthidwa pokonzekera chisankho cha 2025. Mbiri ya derali ikuonetsa kuti anthu ake ankatsatira chipani champhamvu m'chigawo cha kummwera, koma sankachedwa kusintha munthu wowaimira.

Chiyambi cha zipani zambiri

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, aliyense wofuna kukhala phungu ankayenera kukhala wa chipani cha MCP. Zinthu zidasintha pa 14 June 1993 pomwe Amalawi ambiri adavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu. Chisankho chotsatira chidachitika pa 17 May 1994, ndipo mipando ya aphungu idalipo 177. Chipani cha UDF, chomwe mtsogoleri wake adali a Bakili Muluzi, chidapeza mipando 85, MCP 56 ndipo AFORD 36. UDF idasesa mipando yambiri ya kummwera, kuphatikizapo ya mumzinda wa Blantyre.

Pa chisankho cha pa 15 June 1999 madera adawonjezeredwa kufika pa 193. Chiwerengero chimenechi chidakhala chomwecho pa zisankho za 2004, 2009, 2014 ndi 2019. Lamulo losankhira phungu nalonso silidasinthe: yemwe wapeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana, ngakhale mavoti akewo asafike theka la onse oponyedwa.

Nthawi ya a Sonke

M'chaka cha 1999 anthu a m'dera la Blantyre Kabula adasankha a Jan Jaap Sonke a chipani cha UDF, omwe adabadwira m'dziko la Netherlands. A Sonke adatumikiranso ngati wachiwiri kwa nduna m'boma la a Muluzi.

Dzina la derali lidamveka m'dziko lonse m'chaka cha 2002, pa mkangano wofuna kusintha malamulo aakulu a dziko lino kuti mtsogoleri azitha kulamula koposa matemu awiri. Pa 4 July chaka chimenecho, bilu yochotsa malire a matemu idagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha: idapeza mavoti 125 pomwe pankafunika 128. Boma litabweretsa ganizo lina lololeza temu yachitatu, a Sonke adalitsutsa poyera ngakhale adali a chipani cholamula, ndipo adachotsedwa pa udindo wawo wa unduna. Ganizolo silidadutse, ndipo pa chisankho cha pa 20 May 2004 chipani cha UDF chidaimitsa a Bingu wa Mutharika pa mpando wa mtsogoleri wa dziko.

A Mutharika adatuluka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa chipani cha DPP. Kuyambira pamenepo mphamvu za UDF mumzinda wa Blantyre zidayamba kuchepa, ndipo DPP idatenga malo ake.

Aphungu atatu pa zisankho zitatu

Pa 19 May 2009 chipani cha DPP chidapambana mipando yoposa theka m'Nyumba ya Malamulo. Komabe ku Blantyre Kabula mpando udapita kwa a Felix Njawala, omwe adaima paokha. Patadutsa zaka, a Njawala adadzakhala mneneri wa chipani cha UTM.

Pa 20 May 2014 dziko lino lidachita kwa nthawi yoyamba chisankho cha patatu, chosankha mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Derali lidasankha a Rashid Gaffar a DPP. M'chaka cha 2020 a Gaffar adasankhidwa kukhala nduna yoona za migodi m'boma la a Lazarus Chakwera.

Pa 21 May 2019 mpando udakhalabe wa DPP, koma munthu adasintha. Adapambana ndi mayi Gertrude Nankhumwa. Khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko pa 3 February 2020, ndipo chisankho chatsopano chidachitika pa 23 June chaka chomwecho. Chigamulocho sichidakhudze aphungu. Popeza chisankho chachikulu chotsatira chidasunthidwira ku September 2025, aphungu a 2019 adakhala pa mipando yawo zaka zisanu ndi chimodzi m'malo mwa zisanu.

Zomwe zimachititsa kusinthaku

Pali mfundo ziwiri za malamulo ndi kayendetsedwe ka boma zomwe zimathandiza kumvetsa khalidwe la ovota a m'derali. Yoyamba ndi yakuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, lidachotsedwa m'chaka cha 1995. Kuyambira pamenepo, tsiku la chisankho ndilo mpata wokhawo womwe anthu ali nawo woweruzira ntchito za phungu wawo.

Yachiwiri ndi yakuti kuchokera mu 2005 mpaka mu 2014 dziko lino lidalibe makhansala. Madandaulo okhudza madzi, misewu ya m'midzi, milatho, misika ndi zinyalala, omwe ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda ndi mabungwe ena a boma, ankathera kwa phungu. Thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, litakhazikitsidwa mu 2006, anthu adayamba kuyeza phungu ndi zinthu zooneka ndi maso kuposa ntchito yake yopanga malamulo. M'mudzi wothithikana ngati Chirimba, momwe anthu amachuluka chaka ndi chaka, zosowa zimakula msanga kuposa ndalama zomwe zilipo.

Malire atsopano

Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko limalamula bungwe loyendetsa zisankho la MEC kuunikanso malire a madera nthawi ndi nthawi, poganizira kuchuluka kwa ovota, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma. Ngakhale zili choncho, madera 193 aja adagwira ntchito pa zisankho zisanu, pomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti mzinda wa Blantyre uli ndi anthu oposa 800,000.

Ntchito younikanso malire idatha mu 2022, ndipo madera adakwera kufika pa 229. Madera a mumzinda wa Blantyre adapatsidwa maina otengera midzi yake. Chirimba adalowa m'dera la Blantyre City Michiru-Chirimba, pomwe dzina la Kabula lidapita ku dera lina lophatikiza Chilomoni ndi Nancholi. Malire atsopanowa adagwiritsidwa ntchito koyamba pa chisankho cha pa 16 September 2025, chomwe a Peter Mutharika a DPP adapambana pa mpando wa mtsogoleri wa dziko.

Ogwira ntchito m'boma omwe amasunga kaundula wa zitukuko ndi zotsatira za zisankho ayenera kukumbukira kuti dera latsopanoli silofanana ndi Blantyre Kabula wakale. Ziwerengero za 1999 mpaka 2019 n'za malire akale, choncho pozifananitsa ndi za 2025 ndi bwino kuyang'ana malo oponyera voti amodziamodzi, osati dzina la dera lokha.